Njinga ya Woyeza Malo

Mumsewu wa magalaja ankangowatchula kuti a Khutu. Kwa zaka makumi anayi ankakonza njinga zamoto m'kagalaja ka malata, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa matayala akale. Munthu akabwera ndi njinga yodwala, iwo sankathamangira sipana. Ankauza mwiniwake kuti ailize, n'kupendeketsa mutu, n'kutchula nthendayo, ndipo nthawi zambiri ankalondola. Pofika nthawi imene ankatseka galajayo, manja atayamba kunjenjemera, anthu anali ataiwala kuti dzinali linayamba ngati nthabwala.

Tsopano ankakhala kwa mwana wawo wamkazi, m'chipinda chakumbuyo chimene zenera lake linayang'ana pa chingwe choyanikapo zovala. Mwanayo anali mphunzitsi wa masamu kusekondale, mayi wa ana awiri amene anali atakula n'kuchoka pakhomo. Bambo ake ankamuitana kuti Aphunzitsi pomuseka, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankakonda kuwongolera akuluakulu.

Tsiku lina m'mawa, akumwa tiyi, mwanayo anawauza kuti akufuna kugula njinga yamoto yaikulu, ya maulendo aatali, ya galasi kutsogolo ndi mabokosi m'mbali. Anali atayenda zaka khumi pa kanjinga kake kakang'ono kopitira kusukulu, ndipo anati watopa kuona msewu umodzimodzi. Yatsopano sakanaikwanitsa. Anali atapeza zitatu zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ankafuna kuti bambo ake akazione kaye asanasankhe.

A Khutu anakana. Anati njinga zazikulu n'zolemera, zikagwa munthu mmodzi sangazidzutse, ndipo munthu wa zaka zake ayenera kumaganiza za galimoto. Mwanayo sanatsutse. Anangowafunsa kuti amayi ake anali ndi zaka zingati pamene ankakwera kumbuyo kwa njinga yawo yobiriwira ija, masiku atatu osapuma, kukaona mapiri. A Khutu anayang'ana m'kapu. Njinga imeneyo anaigulitsa chaka chimene akazi awo anayamba kudwala, ndipo chichokereni sankaitchula.

Loweruka lake anavala jekete lawo lakale, n'kuponya tochi ndi kansanza koyera m'thumba.

Njinga yoyamba inali pa bwalo logulitsira magalimoto, pansi pa timbendera tosuluka. Inali yofiira, yopukutidwa mpaka munthu kudzionera nkhope pa thanki. Wogulitsayo, bambo wa tayi yopyapyala, anaitamanda asanamalize n'komwe kupereka moni. Anati inali ya dokotala wina amene ankaikwera Lamlungu lokha, ndipo analoza pa mita kuti aone okha makilomita ochepa amene inayenda. Mphunzitsi maso anali atawala kale.

A Khutu sanayang'ane pa mita. Anawerama n'kuika chikhatho pa injini, ndipo anaimva ikutentha. Anafunsa wogulitsayo chifukwa chake anailiza iwo asanafike. Iye anati ankangoisuntha kuti iime pabwino. A Khutu anati palibe vuto, adikira kuti izizire, ndipo anakhala pa tayala lakale n'kuyamba kufunsa wogulitsayo za ana ake. Anadikira ola lathunthu ndi theka. Mwana wawo anachita manyazi mpaka anapita kukaima kumsewu.

Injini itazizira, sitata inalira kanayi njinga osayankha. Kachisanu inadzuka ikukhosomola, mkati mukumveka phokoso ngati munthu akugwedeza misomali m'chitini, ndipo ku ekizozi kunatuluka utsi wabuluu umene unaphimba nsapato za wogulitsayo. A Khutu anaitana mwana wawo n'kumuonetsa zopondapo mapazi. Mphira yake inali itatha mpaka chitsulo kuonekera, ndipo zogwirira pa hendulo zinali zitasalala ngati sopo.

"Mita imeneyi munthu wina anaibweza m'mbuyo," anatero. "Koma zopondera palibe amazikumbuka. Dokotala wa Lamlungu lokhayo ayenera kuti anali ndi mapazi achitsulo."

Ali m'basi pobwerera, mphunzitsi anaseka yekha. Anati anali ataganiza kale za malo oimika njinga yofiirayo pakhonde.

Yachiwiri anakaiona Loweruka lotsatira, kwa bambo wina wogwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi, amene ankasamukira kutali. Iyi inali yozizira, ndipo inalira kamodzi kokha. A Khutu anavomereza kuti injini yake inali yabwino. Koma atapukuta mafoloko akutsogolo ndi kansanza kawo, n'kukankha njingayo pansi katatu, oyilo anabwereranso, kutanthauza kuti timphira totchinga oyilo tinali titatha ndipo wina anangopukuta m'mawa womwewo. Anati zimenezo n'zazing'ono, amasintha. Kenako anapempha mwana wawo kuti akanikize kumbuyo kuti tayala lakutsogolo linyamuke, n'kupotoza hendulo pang'onopang'ono. Pakati penipeni inkakodwa, ngati chitseko chofuna kudzitsekera chokha. Atachotsa chishalo anapeza mawaya okutidwa ndi tepi yakuda, ena atasungunuka, akununkha chopserera. Anayendetsa chala pa felemu kunsi kwa thanki, ndipo pansi pa penti yatsopano anamva chipsera cha powotcherera.

Anafunsa mwiniwakeyo mwaulemu kuti ngoziyo inachitika liti. Bamboyo anakanda m'mutu n'kunena kuti inali yaing'ono, anangogunda mpanda. A Khutu anamuthokoza chifukwa cha madzi akumwa. Atatuluka pa geti anauza mwana wawo kuti injini yodwala imachiritsika, koma felemu yothyoka sikhululuka, ndipo tsiku lina idzatsegukira pakona, mabokosi atadzaza katundu.

Sabata imeneyo mphunzitsi anafooka. Ananena kuti mwina bambo ake ankafuna kupeza chifukwa pa njinga iliyonse kuti asagule. A Khutu mumtima ankadziwa kuti mwina muli choonadi pang'ono. Koma ankadziwanso kuti chiyambire maulendowa ankadzuka m'mawa kwambiri, ndipo manja awo akagwira chitsulo sankanjenjemera ngati akagwira kapu.

Yachitatu inali kunja kwa mzinda, kumapeto kwa msewu wafumbi. Mwiniwake anali mkulu wina amene kale ankagwira ntchito yoyeza malo. Anawalandira akutsimphina, atagwira ndodo, n'kuwatsogolera ku shedi kumbuyo kwa nyumba. Anachotsa bulangete lakale, fumbi n'kubuka. Njingayo inali yotuwa, penti itasuluka pamwamba pa thanki pamene dzuwa linkamenya, galasi lake lokalikakalika, bokosi limodzi lomangidwa ndi lamba. Mita inkaonetsa makilomita ochuluka kuposa a njinga ziwiri zija kuphatikiza. Mphunzitsi anayang'ana bambo ake ndi nkhope yofunsa ngati anayenderadi mtunda wonsewu chifukwa cha chimenechi.

Woyeza malo sanaitamande. Anayamba ndi zolakwika zake. Anati yakhala zaka zitatu osayenda, kuyambira pamene mawondo ake anakana kumvera. Matayala ankaoneka atsopano koma anali okalamba, ndipo anawaonetsa ming'alu yake m'mbali. Madzi a mabuleki anali atada. Giya yachiwiri inkafuna kuikankha motsimikiza, osati moinyengerera. Ku shafuti yoyendetsa tayala lakumbuyo kunkachita thukuta la oyilo ukayenda tsiku lonse padzuwa. Kenako anatulutsa kabuku ka chikuto chofewa mmene ankalembamo tsiku lililonse losintha oyilo ndi mapulagi, ndi dzina la malo amene anali panthawiyo.

A Khutu anatsegula masamba pang'onopang'ono. Ena mwa malowo ankawadziwa. Anafunsa ngati mlatho wamatabwa uja, wotsikira kuchigwa cha minda ya zipatso, ukadalipo. Woyeza malo anati anaugwetsa kalekale, pano pali wa simenti. Anafunsa za malo ogona alendo amene anali pamwamba pa chitunda, pamene mwiniwake ankalola anthu kulowetsa njinga m'chipinda chodyera mvula ikamagwa. Woyeza malo anamenya ndodo pansi, nati anagonako kawiri, ndipo bedi lake linali lopendekera kukhoma. Madoda awiriwo anakhala pa mabokosi a zida n'kuyenda misewu yonse ya unyamata wawo osadzuka, kutchula makona oopsa, malo omwetsera mafuta amene anatsekedwa, ndi mphepo ya pachidikha china imene inkakankha njinga ngati dzanja. Mphunzitsi anaima pakhomo la shedi akumvetsera. Zambiri mwa zimenezi anali asanazimvepo.

Patapita nthawi anakumbuka chimene anabwerera. Anamangirira batire ya galimoto ya mwana wa woyeza malo, n'kuthira mafuta atsopano. A Khutu anaunika m'thanki ndi tochi n'kuona dzimbiri pansi pake, koma anati ndi lochepa. Injini inazungulira kawiri n'kudzuka, mawu ake akuya ndi osadukiza. A Khutu anapendeketsa mutu, n'kutseka maso. Anamvetsera kwa nthawi yaitali.

Mphunzitsi ananena kuti akumva kaphokoso kena kakang'ono pansi pa chishalo, kolira ngati udzudzu. Bambo ake anamvetseranso, n'kupukusa mutu. Anati palibe chilichonse, injiniyo ndi yoyera ngati mtima wa khanda.

"Tengani iyi, Aphunzitsi," anatero. "Ndi yonyansa, koma siinanamepo."

Woyeza malo sanafune kuona njinga ikutuluka pa geti. Atapereka makiyi ndi kabuku kaja, anati akufuna kukaona nkhuku zake, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Masabata atatu otsatira khonde linasanduka galaja. A Khutu ankakhala pa mpando n'kumalamula, mwana wawo akugwira sipana akaweruka kusukulu. Anasintha matayala, mapaipi a mabuleki, oyilo ndi batire. Ankakangana pafupifupi pa chilichonse. Mphunzitsi ankafuna kuwerenga buku la njingayo asanamasule bawuti iliyonse, pamene bambo ake ankati buku silinakhalepo ndi girizi m'zikhadabo. Kawiri konse mwanayo anatchulanso za kaphokoso ka udzudzu kaja, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti ali m'makutu mwake, chifukwa cha phokoso la ana a sukulu. Anafunsanso ngati sikunali bwino kuchotsa thanki n'kuitsuka. Bambo ake anati ntchito imeneyo ingadikire.

Sukulu zitatsekera, anakonza ulendo woyamba, wa tsiku limodzi, wopita kuchigwa cha minda ya zipatso. Mphunzitsi anagula mahelemeti awiri osafunsa. A Khutu anadandaula za msana wawo, za mphepo, za mankhwala awo a masana, koma m'mawa wa tsikulo anawapeza atakhala kale pakhonde, nsapato zitamangidwa.

Anali asanakhalepo kumbuyo kwa munthu wina pa njinga. Poyamba sankadziwa poika manja, ndipo pakona iliyonse phazi lawo linkafunafuna buleki imene panalibe. Koma atatuluka mumzinda, nyumba zitayamba kutalikirana, anaona kuti mwana wawo ankayendetsa bwino, mosathamanga, akuyang'ana patali. Anamasuka. Anazindikira kuti wokhala kumbuyo amaona zinthu zambiri: anthu m'minda, zovala zoyanikidwa pa mipanda, galu atagona pa denga la lole. Anaganiza kuti zimenezi n'zimene akazi awo ankaona zaka zonse zija, pamene iwo ankangoona phula ndi maenje. Nthawi zambiri akafika kumene ankapita, mayiwo ankawafunsa ngati anaona chakutichakuti, ndipo iwo ankangovomera kuti nkhani ithe.

Atayenda maola awiri, akukwera chitunda chachitali, njinga inayamba kutsamwa. Inkakoka, n'kusiya, n'kukokanso. Mphunzitsi anatsitsa giya, koma sizinathandize. Pafupi ndi pamwamba injini inazima, ndipo anaikhotetsera m'mbali mwa msewu, pansi pa mtengo waukulu.

A Khutu anatsika movutikira. Anayang'ana mapulagi, mawaya a batire, mafyuzi. Zonse zinali bwino. Anauza mwana wawo kuti atembenuze kiyi osaliza injini. Mwanayo anatero, n'kunena kuti udzudzu uja tsopano ukulira mokweza kwambiri, ngati ukufuna kufa. A Khutu anagwada, n'kugunditsa khutu lawo pa chivundikiro cham'mbali. Sanamve kanthu. Anatembenuka n'kuyesa khutu linalo, koma ankangomva mphepo ndi kugunda kwa mtima wawo. Ndiye anachotsa chivundikirocho n'kuika zala pa pampu ya mafuta. Inkanjenjemera molimba ndipo inali yotentha.

Anakhala pa udzu, n'kupukuta manja pa kansanza kwa nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira.

"Unkanena zoona, mwanangu," anatero. "Pampu imalira chonchi ikamakoka mafuta pa sefa yotsekeka. Ndi dzimbiri lija la m'thanki. Ine sindikuimva. Mawu ang'onoang'ono anandithawa, ndipo sindikudziwa kuti anachoka liti."

Mphunzitsi akanatha kuwakumbutsa kuti anawauza katatu. Anangotsegula bokosi la zida n'kuwafunsa kuti ayambire pati.

Anamulozera kapaipi koyenera kufinya, ndi tizitsulo tomasula ndi pulayazi. Sefa itatuluka, anaigogoda pa mwala, ndipo munatuluka matope ofiirira. Anaitsuka ndi mafuta ochepa m'chivindikiro cha botolo, mwanayo n'kuipemerera ndi pakamwa kuchokera kumbuyo, kenako analavula n'kutukwana pang'ono, mawu amene bambo ake sankadziwa kuti mphunzitsi amawadziwa. Onse anaseka.

Akudikira kuti pampu izizire, anadya buledi ndi mazira owiritsa amene anatenga. Pamenepo a Khutu anamuuza za njinga yobiriwira ija. Mwanayo anakula akumva kuti inali njinga imene sinkafa panjira, chifukwa ndi mmene makasitomala a kugalaja ankaisimbira. Bambo ake anati limenelo linali bodza la malonda. Inkafa pafupifupi ulendo uliwonse. Anaigula kwa msilikali wina iwo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ataikonda chifukwa cha mtundu wake basi, osaunika m'thanki kapena kugwira injini. Pa ulendo woyamba ndi akazi awo, atangokwatirana, kilatchi inatha pakati pa nkhalango, ndipo anaikankha awiri mtunda wa maola atatu, mayiwo atavula nsapato zawo zatsopano n'kuzikoleka pa hendulo. Iwo ankaganiza kuti ukwati watha tsiku lomwelo. Koma atafika pa kasitolo kena, mayiwo anagula sopo, n'kusamba m'manja, n'kufunsa kuti ulendo wotsatira udzakhala liti.

Anati kuyambira pamenepo amayi ake ndi amene ankasunga zida. Ankadziwa sipana iliyonse ndi nambala yake, ndipo ankasoka okha thumba la chinsalu lokhala ndi kamthumba ka chida chilichonse. Njinga ikafa, ankayala nsalu pansi, n'kundandalika mabawuti motsatana kuti pasasowe ndi imodzi yomwe, akuimba chapansipansi. A Khutu anati pa maulendo onsewo, malo amene ankawakumbuka bwino kwambiri sanali amene ankapitako, koma amene njinga inaferapo: pansi pa mlatho wa njanji, pabwalo la tchalitchi china, pakhomo pa mlimi amene anawapatsa waya wa kumpanda wake.

Mphunzitsi anafunsa chifukwa chake sanamuuzepo zimenezi. Anayankha kuti makaniko sauza anthu kuti njinga yake imafa, ndipo mayi ake atamwalira nkhanizo zinkawawa kuzitulutsa.

Anabwezeretsa sefa. Mwanayo anatembenuza kiyi, n'kumvetsera, n'kunena kuti tsopano pampu ikungong'ung'udza chapansi. Injini inadzuka. Inafanso kamodzi asanafike kuchigwa, ndipo ulendo uno mphunzitsi anachita zonse yekha m'mphindi khumi, bambo ake atangogwira chivundikiro. Anafika dzuwa litapendeka. Minda ya zipatso yambiri inali itadulidwa, pamalo pake pali nyumba zosungiramo katundu, ndipo a Khutu sanathe kuloza pamene panali kasitolo kamene ankagulapo madzi ozizira. Anaima pa mlatho wa simenti kwa kanthawi, n'kuyang'ana mtsinje, umene unkaoneka waung'ono kuposa mmene ankaukumbukira. Anagula malalanje kwa mayi wina wa m'mbali mwa msewu, n'kudzaza bokosi limodzi, n'kutembenuka.

Sabata yotsatira anachotsa thanki, n'kuitsuka ndi timiyala ndi mafuta mpaka dzimbiri lonse kutha, n'kugula sefa ndi pampu zatsopano. Mphunzitsi anatengeranso bambo ake kuchipatala kukapimitsa makutu. Anawapatsa kachipangizo kovala kukhutu, kamene ankati kamawachititsa kumva mafoloko ndi masipuni a nyumba yonse, ndipo nthawi zambiri kankakhala m'kabati.

Anakweranso kumbuyo kwa mwana wawo kawiri chaka chimenecho. Ulendo wachiwiri msana unawapweteka masiku anayi, ndipo anavomera okha kuti basi. Mphunzitsi anapitiriza yekha. Tchuthi chilichonse ankamanga mabokosi n'kupita, nthawi zina sabata yathunthu, ndipo njinga yotuwayo inamuyendetsa zaka zisanu ndi chimodzi. Inamuferapo panjira kangapo, koma sinamugonekepo patchire. Akafika pamalo ankaimba foni, ndipo bambo ake ankafunsa za oyilo ndi matayala, kenako ankamuuza kuti afotokoze zimene waona m'njira, pang'onopang'ono, osadumpha. Akabwerera ankamupeza mwana wawo atapsa ndi dzuwa pamphuno, ndipo ankamuthandiza kutsitsa katundu, akudandaula kuti wamanga zingwe molakwika.